Kolozidi Pakati pa Bua

"Kolozidi," anatero Hubert, kalaliki wa pa boma la Kota Kota, akutseka kazenera pamphuno pa Swaibu.

Swaibu, wowolotsa anthu pa mtsinje wa Bua, anali atalawira mbandakucha wapansi kudzafuna chiphaso cha bwato lake. Anagogoda mwaulemu.

"Pepani bwana, mawu amenewo akutanthauza chiyani?"

"N'Chingerezi," anayankha Hubert ali m'katimo. "Dzuwa likafika pamutu ntchito yatha, ngakhale munthu ataima pamaso pako. Ubwere mawa."

Swaibu anawasunga mawuwo ngati mbewu.

Patapita milungu itatu, Hubert anatulukira padoko atavala suti yoyera, akuthamangira chinkhoswe chake kutsidya. Nkhope ya wowolotsayo sanaikumbukire n'komwe.

"Palasa msanga, akuchikazi akudikira."

Swaibu anapalasa bwinobwino mpaka pakati pa mtsinje, paja pamakonda kuyandama ng'ona. Kenaka anayang'ana kumwamba, nagoneka nkhafi m'bwato, n'kuyamba kusenda chinangwa chake mosafulumira.

"Iwe, waimiranji?"

"Kolozidi, bwana. Dzuwa lafika pamutu."

"Nanga ine nditani pakati pa madzi pano?"

Swaibu anatafuna kaye, nameza.

"Mubwere mawa."