Makina a m'kabati

"Tsegulani tiwaone," anatero bwana woyendera zipatala.

Sisitala wamkulu anapapasa kiyi wa kabati m'thumba. M'kabatimo munali makina ounikira mwana ali m'mimba, omwe anabwera chaka chatha. Kumaphunziro ake anapitako yekha, koma mphunzitsi ankathamanga kwambiri, ndipo iye anachita manyazi kufunsa pamaso pa ana adzulodzuloli ochokera m'zipatala zina. Atabwerako anangokiya kabati. Anamwino akawapempha ankawakalipira kuti, "Ndi manja anuwo? Muwononga!"

Sabata yatha kunabwera mayi wina akudandaula kuti mwana sakusuntha ngati kale. Sisitala anamvetsera pamimba ndi kachitsulo kake kakale.

"Wangogona uyu, mayi. Pitani mukapume."

Mayiyo anabweranso mochedwa, mwana atafera kale m'mimba. Tsopano anali chigonere kuseri kwa khoma lomweli, matewera omwe anagula ali chipindire m'chikwama.

Bwana uja ananyamula makinawo, nawatembenuza uku ndi uku. Nkhope yake inawala.

"Amayi, mwandisangalatsa! Kwina konseku ndapeza mabatani atafufutika, zingwe zomatamata ndi pulasitala. Anthu aja amangowagwiragwira tsiku lonse. Koma kuno! Ngati afika lero."

Namwino yemwe analipo tsiku lomwe mayi uja anabwezedwa anayang'ana pansi. Sisitala nayenso anaweramitsa mutu.

"Musachite manyazi," anaseka bwanayo, akumubwezera makinawo. "Mwezi wamawa galimoto idzakutengani. Mukawaphunzitse anzanu kasamalidwe kake."

"Zikomo, bwana," anayankha motsitsa, uku akukiya kabati.