Lipenga la Duane

"Marlene, tavalani nsapato, lero boma litibwezera ndalama!" anafuula Duane uku akuvinavina, malisiti ali m'manja.

Chaka chonse mkazi wakeyo ankamuuza kuti mphatso zopita kwa osauka zimatsitsa msonkho. Duane anapereka majekete, mpando wake wakale, mpaka lipenga lomwe ankaliza m'mawa uliwonse, agalu onse a mumzinda wa Toledo n'kumamuyankha. Lipengalo analipereka misozi ikulengeza.

Ku ofesi, mayi wowerengera misonkho anaphatikiza malisitiwo, kenaka anaseka.

"Bambo, njira zilipo ziwiri. Mutha kuwerengetsa mphatso zanu imodziimodzi, kapena kungotenga kuchotsera kumene boma limapatsa aliyense. Kuchotsera kwa aliyenseko ndiye kukuposa zanuzi kutalitali. Malisitiwa kayatsireni moto."

"Ndiye lipenga langa lija langopita ulele?"

"Eya. Pajatu akazi anuwa ndinawafotokozera bwinobwino chaka chatha."

Duane anacheuka pang'onopang'ono. Marlene anali kalikiliki kufunafuna kanthu m'chikwama, mapewa akugwedezeka.

"Pepani abambo, ukalambawu, ndinaiwala," anatero akupukuta m'maso. "Koma mwaona mmene maneba ayambira kutipatsa moni masiku ano?"