Laputopu Yolira ku Kapata

Laputopu inkalira "ke, ke, ke" pathebulo la Bwezani, wokonza makompyuta ku Kapata. Mwini wake, Olipa, ankalimba nako mtima kulirako. Chakufa sichilira.

"Yagwa ndili pakabaza, koma onani, sinasweke paliponse," anatero. "Ndingofuna nyimbo za atate. Ndinawajambula akuyimba ku Tamanda asanamwalire."

Bwezani anaizimitsa msangamsanga. "Itagwa munaiyatsanso, amayi?"

"Kangapo konse. Ndinaimenyakonso pambali apa."

"Munaimenya?"

"Pang'ono chabe. Wailesi ya atate ikati zii, ankaiwomba mbama n'kuyambanso kulankhula."

Bwezani anagwira pakamwa. Kenako anafotokoza mofatsa kuti m'katimo muli kambale kosunga zonse, ndi kasingano koyenda pamwamba pake. Kasinganoko kapindika. Kakalira kamodzi, ndiye kuti kakanda kambaleko.

Olipa anayang'ana laputopuyo, yosalala ngati yatsopano, n'kuyang'ananso chikhatho chake. Sizinkamulowa m'mutu. M'mawa wonse anali atagunditsa khutu pamenepo, kudikira kuti mawu a atate ake atuluke.

"Ndiye pamene ndimamvetsera paja," anafunsa motsitsa mawu, "ndimawafufuta atate?"