Tsiku Loyamba kwa Wometa

"Makina akalira usaope. Zikakukulira ukweze dzanja, amalume awa azimitsa," bamboyo anamukumbutsa mwana wake uku wometa akumumanga nsalu m'khosi.

Mwanayo, yemwe adokotala anati ali ndi otizimu, vuto lomuchititsa kuopa phokoso ndi zachilendo, anali asanametedwepo ndi mlendo. Mayi ake ankamumeta ndi sizasi ali mtulo. Chimwalirireni mayiwo tsitsi linangokula, mpaka kusukulu anati asabwerenso asanamete. Kunyumba anayeserera kambirimbiri pampando wa kukhitchini, moni ndi zikomo zomwe.

Makina analira. Mwanayo anagwiritsitsa mpando.

"Mwamunatu uyu!" anatero wometa. "Koma tsitsi lonseli, bwana, mumawetamo mbalame? Lero mayi anu sakakuzindikirani."

Zimenezi sanayeserere.

"Amayi anamwalira," anatero mwanayo, maso ali pagalasi. "Koma tili bwino, zikomo. Musadandaule."

Anayankhula mosakweza, mosatsitsa, ndendende mmene bambo ake amayankhira aliyense wowapepesa pageti.

Wometa anazimitsa makina. Manja a mwanayo anali akadali pampando. Dzanja lomwe linali m'mwamba linali la bambo ake.