Inyamuka Ikadzaza

"Kodi tinyamuka liti?" anafunsa mlembi wa kalembera, yemwe anali atakhala yekhayekha m'minibasimo kuyambira m'mawa.

"Ikadzaza, bwana," anayankha dalaivala uku akuwenga zikhadabo.

Mlembiyo anabwera wapansi dzana, ndipo mapazi anali akadali otupa. Anawerenga mipando, napeza 16. Kenaka anatsegula buku lake. Dzulo anayenda khomo ndi khomo, ndipo mudzi wonse, kuphatikizapo dalaivala yemweyo, unali ndi anthu 14. Ena onse minibasi yomweyi inawatutira kutauni kalekale.

"Achimwene, ngakhale mudzi wonse utakwera, ndi ine ndemwe, mpando umodzi utsalabe!"

Dalaivala anauzira zikhadabo zake.

"Mtima m'malo, bwana. Mlamu wanga ndi woyembekezera."