Mlendo wa Nankhoma

Chikhazikitsireni lamulo loti mpopi uzipatsa madzi okhawo osunga othawa kwawo, Nankhoma ankaphikira madzi opempha. Kutchalitchi ankalalikira zolandira alendo, koma banja lothawa chilala litagogoda pakhomo pake, anati malo palibe.

Ludzu litafika povuta, anawaveka sanza amuna ake, a Gwaza. "Mukanene pampopi kuti mwathawa nkhondo, ndipo ndikukusungani ndine."

"Mwathawa chiyani, bambo?" anafunsa makina olemba othawa kwawo pampopipo.

A Gwaza anakanda kumutu. "Mayi a kunyumba."

"Pepani kwambiri. Muzikakhala kwa Nasimango, wamasiye uja."

M'mawa mwake Nankhoma anakagogoda kwa Nasimango, ndowa ili m'manja. Anatsegula chitseko ndi a Gwaza, atasamba, nkhope ili phuliphuli.

"Lowani, mayi. Kuno mlendo sitibweza."