Mawu a Malemu Anapita ndi Kontena

Panali munthu wina ku Kapata, ku Chipata kuno, dzina lake Whiteson. Nkhaniyi wandiuza ndi munthu amene analipo. Whiteson makompyuta ankawadziwa ndithu, koma makutu ake anali okongoletsa mutu basi.

Bambo ake atamwalira, abale anagwirizana kuti pa tsiku lovundukula chiliza adzamvetsere mawu a malemu. Bambowo anali a kwaya, ndipo ankakonda kujambula nyimbo pafoni n'kutumizira mkazi wawo ndi ana. Whiteson anati, "Nditumizireni zonse, nyimbo ndi zithunzi zomwe, ndizisunge pamodzi."

Anapanga kapulogalamu n'kukaika mu kontena. Kontena ya pakompyuta ili ngati katoni: pulogalamu imagwira ntchito ili momwemo, koma ukataya katoniyo za m'kati zimapitira limodzi. Abale a ku Kasenengwa ndi a ku Nabvutika onse anatumiza. Popeza mafoni awo anali odzaza, Whiteson anawauza kuti, "Fufutani kwanuko, zonse zili ndi ine." Anafufutadi. Foni ya amayi ake, a Dolika, anaifufuta yekha.

Nasreen, mnzake wa kuntchito, ataona anamufunsa, "Mafayilowa ukusunga kuti?"

"Mu kontena momwemo."

"Iwe, kontena si nkhokwe. Uwaike pa voliyumu, malo a kunja kwa kontena, ndipo ukoperenso pa flashi. Kontena imaphwasulidwa nthawi iliyonse."

"Ikuyenda bwinobwino. Usandiphunzitse ntchito."

Mwambo utayandikira, Whiteson anafuna kuti tsamba la kapulogalamu kake, pomwe nyimbo ndi zithunzi zinkaonekera, lioneke lapamwamba, likhale ndi maluwa m'mbali. Anamanga kontena yatsopano, yakale ija n'kuichotsa. Tsamba linatseguka lokongoladi, maluwa ali m'malo mwake. M'kati munalibe nyimbo ngakhale imodzi.

Anathamangira kwa Nasreen.

"Voliyumu unapanga?"

"Ayi."

"Nanga flashi?"

Whiteson anapukusa mutu. Nasreen anayesa njira zonse zimene ankadziwa, kenako anati, "Pepa mnzanga, zapita."

Whiteson anaimbira abale mmodzimmodzi, koma yankho linali lomwelo: "Si iwe unati tifufute?" Chimene chinapezeka ndi kachithunzi ka pa chiphaso cha malemu basi. Amayi ake sanawauze, ankaopa.

Pa tsikulo, anthu atabwerako kumanda, anakhala pansi mu tenti. A Dolika anati, "Whiteson mwana wanga, yatsa timve atate ako akuimba."

Whiteson anagwada pamaso pawo. "Amama, palibe. Ndinataya zonse."

Mayiwo sanakalipe, ndipo n'zimene zimandipweteka kwambiri pa nkhaniyi. Anangonena motsitsa kuti, "Ine mawu awo ndayamba kuwaiwala. Ndinkadalira iwe."

Mpaka lero a Dolika amakana kusintha foni ija, ngakhale galasi lake linasweka. Akuti mwina tsiku lina mawuwo adzabwereramo.

Phunziro: Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Inu ogwiritsa ntchito makontena, zinthu zofunika musazisunge m'kati mwake. Ikani pa voliyumu, koperani kwina, ndipo muone ndi maso anu kuti zokoperazo zikutseguka musanachotse kontena yakale. Musauze munthu kuti afufute chake pamene inu muli nacho malo amodzi okha. Tumizirani nkhaniyi anzanu onse a zamakompyuta, mayi winanso asalire maliro kawiri.